Khrisimasi Yoyera: Kodi Ndi Kuyera Kotani?

Pa nyimbo zonse zimene zidajambulidwa pa mbale za galamafoni chiyambire kupangidwa kwa makina amenewo, palibe ina imene anthu adaigula kopambana nyimbo ya Chingerezi yotchedwa White Christmas, monga adaiimbira Bing Crosby wa ku America. Buku la Guinness, limene limasunga mbiri ya zinthu zoposa zinzake, limawerengera kuti mbale zake zidagulidwa pafupifupi 50 miliyoni. Mwezi wa Disembala ukangolowa, nyimboyi imamveka pa wailesi ndi m'masitolo a maiko ambiri, ngakhale kumene anthu samva chimene mau ake akunena. Koma chodabwitsa nchakuti m'nyimbo ya Khrisimasi yotchuka chotereyi mulibe Mwana, mulibe Amai ake, mulibe Betelehemu, abusa kapena anjelo, ndipo dzina la Mulungu silitchulidwamo ngakhale kamodzi. Tsono funso loyenera kulisinkhasinkha ndi ili: kodi Mkhristu aiyese chiyani nyimbo yotere? Kodi ndi mbala imene yaba tsiku la Ambuye nkulipereka kwa amalonda, kapena muli choona china m'menemo chimene Mkhristu ayenera kuchilemekeza?

Dzina lake likamasuliridwa m'Chichewa limakhala "Khrisimasi Yoyera", ndipo pamenepo pali msampha. M'chinenero chino liu lakuti "kuyera" limasenza katundu wambiri: ufa ngwoyera, madzi a pa kasupe ngoyera, ndiponso Mzimu wa Mulungu ndi Woyera. Munthu wa kuno akamva dzinalo angaganize kuti nyimboyi ikutamanda kupatulika kwa tsiku limene Mpulumutsi adabadwa. Sizili choncho ai. Kuyera kumene ikunena nkwa chipale chofewa, ndiye kuti madzi a m'mitambo amene amaundana ndi kuzizira nkumagwa pang'onopang'ono ngati thonje, naphimba minda, madenga ndi mitengo ya maiko a kumpoto pa nyengo ya Khrisimasi. Woimbayo ndi munthu amene ali kutali ndi zimenezo, ndipo akulota Khrisimasi ya ubwana wake, nafunira abwenzi ake masiku okoma. Nkhani yonse ya nyimboyi ndi imeneyi basi.

Wopeka nyimboyi

Amene adapeka nyimboyi ndi Irving Berlin, ndipo iyeyu sadali Mkhristu. Adali Myuda, wobadwa m'chaka cha 1888 m'dziko lolamulidwa ndi mfumu ya Russia, ndipo dzina limene makolo ake adamutcha lidali Israel Beilin. Masiku amenewo Ayuda a kumeneko ankazunzidwa kwambiri, kotero kuti m'chaka cha 1893 banja lonse lidathawira ku New York, mwanayo ali ndi zaka 5. Atate ake, amene kwao ankatsogolera nyimbo za mapemphero m'sunagoge, adamwalira iye ali ndi zaka 13. Mnyamatayo adagulitsapo nyuzipepala m'miseu, adaimbapo m'nyumba zomwera mowa kuti apezeko timakobidi, ndipo pambuyo pake adalembedwa ntchito yoperekera zakumwa kwa alendo akuwaimbira. Sukulu ya nyimbo sadapiteko. Piyano ankaiimba m'njira yakeyake, ndipo ankalemba munthu wina ntchito yoika pa pepala zimene iye wapeka. Komabe mmphawi wothawa kwaoyu adapeka nyimbo zoposa 1,000, nasanduka mmisiri wamkulu wa nyimbo m'dziko la America. Akuluakulu adanena kuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

M'chaka cha 1926 Berlin adakwatira Ellin Mackay, Mkatolika, mwana wa munthu wolemera kwambiri amene adakana ukwatiwo kwamtuwagalu chifukwa mkamwiniyo adali Myuda. M'mwezi wa Disembala 1928 adabereka mwana wamwamuna, koma khandalo lidangokhala masabata atatu, ndipo lidamwalira pa tsiku la Khrisimasi lenilenilo. Kuyambira pamenepo, pa 25 Disembala, pamene anansi ao ankasangalala, Berlin ndi mkazi wake ankapita kumanda. Amene akudziwa zimenezi amaimva mwina nyimbo ija, pakuti ngakhale mau ake ngofunira anthu chimwemwe, maimbidwe ake ngodekha ndi achisoni, onga a munthu amene akumwetulira misozi ili m'maso.

Nyimboyi idamalizidwa cha m'chaka cha 1940. Poyamba idali ndi ndime yotsogolera imene inkalongosola kuti wolotayo ali ku Beverly Hills, dera la Los Angeles, kumene dzuwa limawala ndipo mitengo imakhala yobiriwira ngakhale pa Khrisimasi. Crosby pojambula adaisiya ndime imeneyo, ndipo kuisiyako kudaipatsa nyimboyo mphamvu yatsopano, chifukwa tsopano wolotayo sadalinso munthu wa mzinda umodzi. Aliyense amene ali kutali ndi kwao adatha kunena kuti nyimboyi njake.

Woimba wake

Harry Lillis Crosby, amene dziko lidamudziwa ndi dzina lakuti Bing, adabadwa pa 3 Meyi 1903 ku Tacoma, nakulira ku Spokane m'chigawo cha Washington. Adali wa m'banja la Chikatolika, amai ake ochokera ku mtundu wa anthu a ku Ireland, ndipo adaphunzira kwa ansembe Achijezuiti pa sukulu ya Gonzaga. Ankaphunzira za malamulo, koma adazisiya natsata nyimbo. Iye asadatchuke, oimba ankakweza mau kwambiri kuti amveke mpaka kumapeto kwa holo. Crosby adazindikira kuti chida chokuzira mau chija, maikolofoni, chimalola munthu kuimba motsitsa, ngati akucheza ndi mnzake pamoto madzulo. Liu lake lakuya ndi lofatsa linkalowa m'nyumba za anthu pa wailesi monga liu la mbale wao.

Adatchukanso m'mabaisikopo. M'chaka cha 1944 adasewera ngati wansembe, Bambo O'Malley, m'kanema wotchedwa Going My Way, ndipo adalandira mphotho ya Oscar chifukwa cha sewerolo. Chaka chotsatira adaseweranso ngati wansembe yemweyo mu The Bells of St. Mary's. Adamwalira pa 14 Okutobala 1977 pafupi ndi mzinda wa Madrid ku Spain, atangomaliza masewera a gofu. Berlin ndiye adakhalitsa, mpaka adamwalira m'chaka cha 1989 ali ndi zaka 101. Motero nyimbo ya Khrisimasi yofala koposa idatuluka m'manja mwa Myuda ndi pakamwa pa Mkatolika.

Mmene idafalira

Crosby adaiimba koyamba pa wailesi pa 25 Disembala 1941, m'pologalamu yake yotchedwa Kraft Music Hall. Padali patangopita masiku 18 kuchokera pamene ndege za Japan zidaphulitsa zombo za America ku Pearl Harbor, ndipo dzikolo lidali litangolowa m'Nkhondo Yachiwiri ya dziko lonse. Pa 29 Meyi 1942 adaijambula pa mbale ya kampani ya Decca, ndipo ntchitoyo idangotenga mphindi 18. Chaka chomwecho idamveka m'kanema wotchedwa Holiday Inn, idakhala patsogolo pa nyimbo zonse zogulidwa ku America kwa masabata 11, ndipo m'chaka cha 1943 idalandira mphotho ya Oscar. Idagulidwa kwambiri kotero kuti mbale yoyamba, imene ankadindira zinzake zonse, idaperepeseka, ndipo m'mwezi wa Malichi 1947 Crosby adaijambulanso. Imene anthu ambiri amaimva masiku ano ndi yachiwiriyi. M'chaka cha 1954 padatuluka kanema wina wotchedwa ndi dzina la nyimbo yomweyo.

Chimene chidaikweza chotere ndi nkhondo. Anyamata mamiliyoni adachotsedwa m'midzi mwao natumizidwa kuzilumba zotentha za nyanja ya Pacific, kuzipululu za kumpoto kwa Africa ndi kuminda yamatope ya ku Ulaya. Wailesi ya asilikali inkalandira makalata ochuluka opempha nyimbo imodzimodziyo. M'chaka cha 1944 Crosby adapita ku England ndi ku France kukaimbira asilikali, ndipo iye mwini adasimba pambuyo pake kuti ankazengereza kuiimba poona kuti ikuwamvetsa chisoni anyamatawo. Koma akaisiya, iwo ankafuula kuti aiimbe ndithu. Ambiri mwa amene adaimva m'misasa imeneyo sadaionenso Khrisimasi ya kwao.

Patapita zaka 30 nyimboyi idagwiranso ntchito ina yachilendo. Pa 29 Epulo 1975, mzinda wa Saigon ku Vietnam uli pafupi kugwa, wailesi ya Amerika idaiulutsa ngati chizindikiro chimene adapangana kale, chakuti nthawi yothawa yakwana. Kwa Amerika nyimbo ya kwao idakhaladi belu lobwerera kwao. Koma kwa anthu ambiri a ku Vietnam amene adakwera nao ndege tsiku limenelo, idali chiyambi cha kusiya kwao mpaka muyaya.

Mlandu umene nyimboyi imazengedwa

Akhristu ena oganiza bwino amaitsutsa nyimboyi, ndipo mau ao sayenera kupeputsidwa. Mfundo yao yoyamba njakuti liu lakuti Khrisimasi limatanthauza Misa ya Khristu, ndipo kuimba za tsikulo osatchula mwini wake kuli ngati anthu amene asonkhana pakhomo pamene pabadwa mwana, nadya, namwa, navina usiku wonse, kenaka nkubalalika popanda ndi mmodzi yemwe wopempha kuti aone khandalo. Chikondwerero chotere nchamwano kwa mwini nyumba, ngakhale ovinawo sadafune kunyoza.

Yachiwiri njakuti nyimboyi idatsekulira amalonda chitseko. Makampani ataona ndalama zimene idabweretsa, nyimbo zina za mtundu womwewo zidatsatana, zonena za chipale, mphatso ndi zakudya. Chitsanzo ndi nyimbo ya Rudolph, nyama yamphuno yofiira yokoka ngolo ya mphatso, imene Gene Autry adaijambula m'chaka cha 1949. Nthano yake idapekedwa m'chaka cha 1939 ndi wantchito wa sitolo yaikulu ya Montgomery Ward kuti ikope ogula. Pang'ono ndi pang'ono padabadwa Khrisimasi yachiwiri, ya m'sitolo, imene wosauka amaiyang'anira pawindo, pamene Khrisimasi yoyamba ija idaululidwa kwa abusa osauka anthu ena onse asadamve.

Yachitatu njozama koposa. Nyimboyi imayang'ana m'mbuyo mokhamokha. Imaphunzitsa mtima kuti zabwino zidapita, ndipo chotsala nkulota. Malembo Oyera amachenjeza za mtima wotere: mkazi wa Loti adacheuka nauma pomwepo, ndipo Aisraele m'chipululu, pokumbukira miphika ya nyama ya ku Ejipito, adaiwala kuti nyamayo ankaidya ali akapolo. Chikhristu ndi chipembedzo cha chiyembekezo, ndipo munthu woyenda chocheuka amapunthwa.

Zimene zinganenedwe poiteteza

Koma chilungamo chimafuna kuti mbali inayo imvedwenso. Choyamba, Berlin sadaname. Sadakhulupirire kuti Mwana wa ku Betelehemu ndi Mulungu, ndipo sadalembe mau onena zimene mtima wake sudavomereze. Akadafuna, luso adali nalo lopekera nyimbo yodzaza ndi anjelo ndi abusa kuti Akhristu aigule. Akadatero akadachita chinyengo, ndipo chinyengo pa zinthu zoyera nchoipa koposa kukhala chete. Pa nkhani ya kubadwa kwa Ambuye, amene adalankhula mau okoma a chipembedzo mtima uli kwina adali Herode, pouza akatswiri a nyenyezi aja kuti nayenso afuna kukapembedza Mwanayo. Berlin adaimba chimene ankachidziwa, ndicho kupukwa kwa munthu amene ali kutali ndi kwao, ndipo adachiimba moona.

Chachiwiri, kupukwa kumeneku si tchimo. Mulungu sadalenge munthu ngati mbalame yosadziwa chisa. Adamuika m'banja, pa mudzi, pakati pa anthu a chinenero chake, ndipo kukonda zimenezi nkwachibadwa ndiponso nkwabwino. Ayuda ali ku ukapolo ku Babiloni adalira pokumbukira Ziyoni, ndipo Eklezia adasunga kulira kwaoko m'buku la Masalimo, naupempherabe mpaka lero. Anthu a dziko lino safunika kuwaphunzitsa za kupukwa. Amadziwa za amuna amene adapita ku migodi ya ku Joni ndi Wenela, za amene adakagwira ntchito m'mapulazi a ku Rhodesia mpaka kutchedwa matchona, ndi za asilikali a King's African Rifles amene pa nkhondo yomwe ija adafika ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Amadziwanso za ana ao amene lero ali ku Johannesburg kapena ku London. Khrisimasi imene otere amailota siyoyera ngati chipale; njobiriwira, ya mvula ndi fungo la dothi lonyowa, ya chimanga chofika m'maondo, ya mango ndi ngumbi, ya mpunga ndi nkhuku zophikidwa ndi amai ao. Mitundu ya zinthu njosiyana, koma bala la mumtima ndi limodzi. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.

Chachitatu, nkhani ya Khrisimasi yeniyeniyo ndi nkhani ya anthu amene sali kwao. Maria ndi Yosefe adachoka ku Nazarete chifukwa cha lamulo la mfumu yachilendo, adasowa malo m'nyumba ya alendo, ndipo posakhalitsa adathawira ku Ejipito usiku kuti apulumutse Mwana. Patangopita masiku atatu chichitikire chikondwerero cha kubadwa kwa Ambuye, pa 28 Disembala, Eklezia amakumbukira Ana Osachimwa a ku Betelehemu ndi misozi ya amai ao. Tsono Myuda wothawa chizunzo, amene adaika khanda lake m'manda pa nyengo ya Khrisimasi, sadaime kutali ndi khola lija monga ena angaganizire. Mwanayo adali wa mtundu wake, ndipo njira yothawa imene Banja Loyera lidayenda, iye adaiyenda ndi mapazi ake.

Chigamulo

Nanga tsono choona chili pati? Pofuna kuweruza bwino, nkofunika kusiyanitsa njala ndi chakudya. Nyimboyi yanena zoona za njala, koma za chakudya yakhala chete. Imadziwa kuti mtima wa munthu ukufuna kwao, koma ikamaloza kumene kwaoko kuli, imaloza zaka zimene zidapita, ndipo kumeneko kulibe njira yopitira. Mtchona amene abwerera patapita zaka 20 amapeza nyumba ya amai ake idagwa, mkuyu umene ankasewera pansi pake udadulidwa, anzake a ubwana ena ali kumanda, ndipo ana a m'mudzimo akumufunsa kuti ndinu yani. Ndiponso chikumbumtima cha zakale chili ngati lichero: chimapeta, chimataya njala, matenda ndi mikangano ya masiku amenewo, nkusunga zokoma zokhazokha. Mudzi umene munthu amaulota sudakhalepo konse monga momwe akuulotera. Ngati tsono mtima ukulakalaka chinthu chimene sichidakhalepo chathunthu m'mbuyomo, ndiye kuti chimene ukufunacho chili kwina.

Agustino Woyera, episkopi wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, amene adamwalira m'chaka cha 430, adafufuza nkhani imeneyi m'moyo wake womwe, ndipo chiphunzitso chake nchakuti Mulungu ndiye adapangira mtima wa munthu malo ake opumulira mwa Iye mwini, kotero kuti china chilichonse chimautonthoza kanthawi chabe. Mudzi wa padziko, chikondi cha amai, moto wa madzulo, zonsezi nzabwino, ndipo ndi chithunzithunzi cha mudzi weniweniwo. Cholakwa chimabwera pamene munthu akumbatira chithunzicho naiwala mwini wake. Mwana wolowerera uja, ali pakati pa nkhumba, adakumbukira nyumba ya atate ake chifukwa cha njala, ndipo kukumbukirako kudali chiyambi cha kupulumuka kwake. Koma akadangokhala pansi nkumaimba za chakudya cha kwao, akadafera pomwepo. Adapulumuka chifukwa adanyamuka nayamba ulendo.

Apa ndi pamene pali kusiyana kwa kukumbukira kwa nyimboyi ndi kukumbukira kwa Eklezia. Nyimbo imakumbukira zimene sizingabwerenso. Eklezia akamakumbukira kubadwa kwa Ambuye pa Misa ya pakati pa usiku, Amene akukumbukiridwayo amakhalapo ndithu paguwa, ndipo amadzipereka kwa anthu ake ngati chakudya. Ndiponso masabata anai a Adventi amaphunzitsa Mkhristu kuyang'ana kutsogolo, kwa Ambuye amene adzabweranso. Khrisimasi yopambana zonse sili m'mbuyo mwa munthu aliyense, ngakhale wokalamba amene anzake onse adatha.

Za mbale 50 miliyoni zija, kuchuluka kwa ogula sikutsimikiza kuti chinthu nchoona, pakuti khamu limene lidayala zovala panjira pa tsiku la Kanjedza silidachedwe kusinthika. Komabe chiwerengerocho ndi umboni wa chinthu china. Sing'anga akaona anthu miyandamiyanda akugwira malo amodzi pathupi, amadziwa kuti pamenepo pali nthenda. Anthu a m'zaka za makina, za mizinda ikuluikulu ndi za nkhondo ziwiri zoopsa adathamangira kanyimbo kakafupi konena za ubwana ndi kwao. Kumeneko nkuvomera kuti chuma ndi nzeru zonsezo sizidawapatse pokhala.

Crosby mwini wake ankadziwa kuti nyimbo zonse sizili pa mlingo umodzi. M'chaka cha 1935 adajambula Silent Night, nyimbo imene wansembe Joseph Mohr adalemba mau ake ndipo Franz Gruber adaipatsa maimbidwe, niimbidwa koyamba m'tchalitchi cha ku Oberndorf ku Austria m'chaka cha 1818. Adaona kuti sikoyenera kulemera ndi nyimbo yopembedzera, ndipo phindu lake adalipereka ku ntchito zachifundo. Pali chinanso chofunika kuchikumbukira mosaweruza. Atamwalira, mwana wake Gary adalemba buku m'chaka cha 1983 lodandaula kuti atate ake adawalera mwankhanza, ndipo mng'ono wake Phillip adatsutsa zimenezo poyera. Woweruza mitima ndi Mulungu yekha. Koma mkangano wa abale awiriwo ukuonetsa kuti kuimba za mtendere wa panyumba nkwapafupi kuposa kuumanga, ndipo liu lokoma, ngakhale litatonthoza mamiliyoni, silingapatse munthu chimene likuimbacho.

Zoyenera kuchita

Mkhristu tsono alibe chifukwa chotsekera makutu kapena kukwiya akamva nyimboyi pa wailesi, ndipo katekisiti asaiike pa mndandanda wa machimo. Malo ake ndi panyumba ndi pamacheza. M'tchalitchi ndiye siyenera kulowamo, pakuti nyimbo za m'nyumba ya Mulungu ntchito yake ndi kupemphera, monga Papa Pio XII adakumbutsira m'kalata yake yonena za nyimbo zopatulika, imene idatuluka pa 25 Disembala 1955. Katekisiti wanzeru adzaigwiritsa ntchito monga Paulo Woyera adachitira ku Atene, pamene adapeza guwa loperekedwa kwa mulungu wosadziwika: sadaligwetse, adayambira pomwepo kulalika. Mnyamata akanena kuti nyimboyi imamukhudza mtima, afunsidwe chimene akuchisowa, ndipo kuchokera pa yankho lake aonetsedwe njira ya ku Betelehemu.

Ndiponso kupukwa kukhale ndi zipatso. Amene ali kutali asangolota za kwao. Alembe kalata, aimbe lamya, atumize thandizo kwa makolo okalamba akadali moyo, ndipo amene adachoka atakangana ndi abale ayambe ndiye kupepesa. Amene ali pamudzi ayang'ane pozungulira, pakuti m'parishi iliyonse muli wina amene Khrisimasi imamupweteka: mai amene adaika mwana chaka chino, mlendo wogwira ntchito kutali ndi kwao, wothawa nkhondo, wamasiye, wodwala m'chipatala, wam'ndende. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mbale imodzi ya mpunga yoikidwa pamaso pa munthu wotere imayankha kulira kwa nyimbo ija kopambana mbale za galamafoni zonse zimene zidagulidwa.

Potsiriza, kuyera kuja kuli mitundu iwiri, ndipo Chichewa sichidalakwe pokutcha ndi liu limodzi. Mneneri Yesaya yemwe, pofuna kulongosola mmene Mulungu amakhululukira machimo, adatenga fanizo la kuyera kwa chipale. Koma chipale chimangophimba: pansi pake zinyalala zimakhala zili pomwepo, ndipo dzuwa likatentha chimasungunuka, zonse nkuonekeranso. Chaulere cha Mulungu chimatsuka, ndipo nchifukwa chake wobatizidwa amavekedwa nsalu yoyera. Kuno chipale sichigwa, ndipo palibe amene angachigwetse. Koma Khrisimasi yoyera ya mtundu wachiwiriwo aliyense angakhale nayo, wolemera ndi wosauka yemwe, wa pamudzi ndi wa ku ulendo: njira yake ndi kulapa machimo kwa wansembe Adventi isadathe, kuyanjana ndi mbale amene adalakwirana naye, ndi kugwada pa khola pamaso pa Mwana amene adasiya kwao kuti anthu onse apeze kwao.